Bokosi la m'Siling'i ku Kamitondo

Moni abale anga m'dzina la Ambuye, amene watisunga ndi moyo mpaka lero. Ndimuyamika pondipatsa mpata wokufotokozerani zimene zinamuonekera Hector wa ku komboni ya Bulangililo.

Hector atamudula ntchito kumgodi, anayamba bizinesi yochotsa katundu ndi zinyalala m'nyumba zogulitsidwa. Kasitomala wake woyamba anali mayi Zipporah, amene anabwera kuchokera ku Lusaka kudzagulitsa nyumba ya makolo awo ku Kamitondo. Hector anazungulira zipinda zonse, nalonjeza kutchula mtengo m'mawa mwake. Anyamata ena a ku Ndeke anali atatchula kale wawo. Akakweza, ntchito ipita kwa iwowo. Akatsitsa kwambiri, lole ya hayala imudyera ndalama zonse zimene mkazi wake Pilira anasunga pogulitsa zitumbuwa.

Usiku umenewo anachedwa kwa mwini lole akunenerera, mpaka maminibasi anatha. Koma mtima wake unali kuvina! Anayenda wapansi akuimba nyimbo za kukwaya, akudziwerengera yekha mokweza.

"Maulendo awiri a kumtaya. K1,500 basi! Pilira, konzeka, mwamuna wako ndi bwana tsopano!"

Magetsi anali atazima. Njira yachidule inadutsa panyumba yomwe ija. Atayandikira, nyimbo inamuthera pakhosi. Geti linali lokhoma monga analisiyira. Koma pakhonde panali munthu...

Anali mdala wovala chijasi chakale cha kumgodi, manja ali pamaondo.

"Mwabombeni mukwai," anatero Hector m'Chibemba, monga timachitira tikakumana ndi mlendo panjira.

Mdalayo anayankha m'Chichewa chenicheni cha kumudzi. "Mtengo wako wachepa, mwanawe."

Hector anaima. Mphepo inaleka. Agalu anakhala chete.

"Wawerenga zapansi zokha," anapitiriza mdalayo. "Kumwamba sunayang'ane. M'siling'i muli bokosi lachitsulo. Limenelo si la kumtaya. Ndi la ku Mvera, kwa mlongo wanga. Uwonjezepo ya basi."

"Kodi... ndinu alonda?"

"Ndinanena kuti ndipita pa Khirisimasi. Chaka ndi chaka, pa Khirisimasi..."

Mdalayo anatsokomola. Chifuwa chouma, chochokera pansi penipeni. Hector anaphethira kamodzi. Pakhonde panalibe munthu!

Yesu wanga! Miyendo inanyamuka yokha. Nsapato imodzi inatsala m'ngalande. Sanacheuke. Anafika kunyumba akugogoda ndi manja onse awiri.

"Bambo a Rejoice, mwaledzera kodi?" anafunsa Pilira.

"Gwada tipemphere, mkazi wanga. Mtengo wasintha!"

Kutacha anakumana ndi mayi Zipporah pageti.

"Amayi, ndi K2,400."

"Iii, achimwene! A ku Ndeke anena K1,800. Inu mukolopa ndi pefyumu?"

Hector anaona ntchito ikumupulumuka, anaonanso nkhope ya Pilira m'maganizo. Koma mawu a usiku aja sanamuleke.

"Iwowo atenga zonse kukataya. Ine ndawerengera ulendo wa ku Malawi, wokapereka bokosi la m'siling'i."

"Bokosi lanji? Ndinakulira m'nyumba muno, m'siling'i muli makoswe okha."

Anabwereka makwerero kwa aneba. Hector anakankha kachitseko ka m'siling'i, fumbi likumuthira m'maso, nalowetsa mkono. Chitsulo! Analitsitsa mothandizana. Pachivundikiro panali polemba ndi penti yoyera: EZEKIEL MBEWE, MVERA. M'katimo munali mabulangete osafundapo, zitenje zopindidwa bwino, nsapato zachizimayi ndi poto watsopano, mphatso za munthu wa kumgodi amene ankafuna kukafika kwawo osachita manyazi.

Mayi Zipporah anakhala pansi pasimenti.

"Aunt Dolly," ananong'ona. "Akadali moyo, maso okha ndiwo anatha. Amafunsa mpaka lero ngati achimwene awo anawaiwala." Kenaka anamuyang'anitsitsa Hector. "Wakuuzani ndani?"

"Mdala wina. Dzulo usiku, pakhonde pomwepa."

Mayiwo anatulutsa foni, namuonetsa chithunzi. "Awa?"

"Omwewo! Ndi chijasi chomwecho!"

"Achimwene... amenewa ndi bambo anga. Chifuwa cha kumgodi chinawatenga ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Mwanayo pano ali giredi faifi."

Kenaka anapukuta misozi ndi chitenje chimodzi cha m'bokosimo, naseka uku akulira.

"Mtengo umene bambo anga avomereza, ine ndikane ndine yani? Itanani lole yanu. Koma ya basi muwerengere anthu awiri. Ndipita nanu."

Hector anakweza manja kumwamba pakati pa fumbi limenelo, nafuula Aleluya mpaka aneba anasuzumira pampanda.

Tsono inu amene mwawerenga, Mulungu wa amoyo ndi ogona adalitse ntchito ya manja anu. Akuperekezeni panjira zonse zamdima, ndipo akufikitseni kwa abale amene akukudikirani dzuwa lisanalowe. Amen.