Tsiku Limene Wailesi Inamveka Bwino

Anakumana podikirira sitima ya pamadzi yopita ku chilumba cha Utsira, mvula ikuwaza. Ragnhild anali atafungatira bokosi la droni ngati khanda.

"Chemwali, mwanayo dzina lake ndani?" anafunsa mnyamata wina wa ndevu zofiirira.

"Amaluma ameneyu. Talikirani."

Mnyamatayo anali Torgeir, wa m'sitima yopha nsomba yotchedwa Havterna. Anamugulira khofi, ndipo pofika kutsidya anali atayamba kale kumutchula "kambalame kanga". Koma mtima wa munthu kupusa kwake!

Ntchito ya Ragnhild inali yosakira mawu njira. Mpweya wofunda ukagona pamwamba pa nyanja yozizira, pamatseguka mpata wonga paipi, ndipo mawu a wailesi akalowamo amapita kutali koopsa. Iye ankaulutsa droni yonyamula wailesi kuti ikaupeze mpatawo.

"Kumene timaphera nsomba ife, tizidole takoti sitingafikeko," Torgeir ankaseka. "Tsiku limene mawu ako adzandipeze kumeneko, ndidzakufunsira ukwati pa wailesi pomwepo, aliyense akumva!"

Akapita kunyanja ankangoti zii. Akafika padoko ndiye kauthenga: "Kambalame, tulo sindikutiona. Kunyanja kulibe netiweki."

"Iwe, sitima za masiku ano zili ndi intaneti," anatero Gunvor, mnzake wa kuntchito. "Akukudyetsa njomba ameneyo."

Koma wokonda amamva? Chisanu chonse Ragnhild ankaima pathanthwe, zala zitachita dzanzi. Droni ina mphepo inamugwetsera m'madzi, iye n'kulira ngati wamwalira munthu.

Masana ena m'mwezi wa Meyi nyanja inachita bata. Droni itatsika kufupi ndi madzi, mzere wosonyeza mphamvu ya mawu pa kompyuta unalumpha.

"Mpata watseguka!" anakuwa Gunvor.

Ragnhild anatenga cholankhulira. "Sitima ya Havterna, mukundimva? Ndikufuna Torgeir."

"Tikukumvani ngati muli m'chipinda momwe muno!" anayankha woyendetsa sitimayo. "Zodabwitsa! Ndinu mayi akunyumba kwake, eti? Kamwana kaja kayamba kukwawa? Torgeir, waulesi iwe, thamanga, akukufuna akazi ako!"

Kamwana? Akazi ake?

"Halo, Solveig, mtima wanga?" anatero Torgeir.

"Ndine Ragnhild. Mawu anga akupeza. Unalonjeza chiyani paja?"

Injini ikumveka kumbuyo kwake, Torgeir anayankha:

"Halo? Sindikumva... wailesi ikudukaduka..."

Ragnhild anayang'ana pa kompyuta. Mzere unali chiimire, osagwedera ngakhale pang'ono. Ankamva mpaka kupuma kwa Torgeir. Apo m'pamene anazindikira kuti mwamunayo analonjeza chifukwa ankakhulupirira kuti sizidzatheka. Zinamuwawa kuposa za mkazi uja.

"Pepa, mnzanga," Gunvor ananong'ona. "Nanga abwana tikawauze zotani?"

Ragnhild anayamba kubweza droni, misozi ikugwera pa mabatani.

"Ukawauze kuti zatheka. Zonse zamveka bwinobwino."