Nsapato za Mayi Sughran

Pakhomo pa mayi Sughran, m'mudzi wina kufupi ndi tauni ya Phalia, panali mtengo wa malalanje, bedi la zingwe ndi njati yoweta yamkaka yomwe inkalola kukamidwa ndi mwini wake yekha. Amene anakulira m'mudzimo mpaka lero amakumbukira fungo la m'mawa wa pakhomopo: utsi wa ndowe zouma, tiyi wamkaka, ndi chapati ya chimanga yodyera mpiru wothira batala. Mwana aliyense wodutsa ankaitanidwa, ndipo sankachoka m'kamwa muli mouma.

Mwamuna wawo, a Bashir, anayendetsa magalimoto a katundu ku Saudi zaka zambiri, pa viza yoongoka yantchito. Ulendo womaliza umene anabwera kutchuthi anawabweretsera akazi awo nsapato zachikopa zofewa, zofiirira.

"Musazivalire kukhola izi," anatero akuseka. "Izi n'za ku Makka. Chaka chamawa tipitira limodzi."

Chaka chamawacho sanachione, mtima unawatenga. Mayi Sughran anakulunga nsapato zija m'nsalu yoyera n'kuziika m'bokosi lachitsulo la zofunda. Pa chikondwerero cha Idi chilichonse ankazitulutsa, kuzipaka mafuta pang'ono, n'kuzibwezeramo. Ana awo awiri, Rukhsana ndi mlongo wake Tanvir, ankadziwa kuti tsiku limenelo amayi salankhula zambiri.

Tanvir sanali mwana woipa. Vuto lake linali limodzi, ndipo linali lalikulu: sankatha kudikira. Kwawoko mnyamata amene sanakwereko ndege amaoneka ngati sanamalize kukula, ndipo makolo a atsikana amamuyang'ana ngati mpando wothyoka mwendo. Malume ake, a Latif, anamuphunzitsa kuwotcherera zitsulo, n'kumulembetsa ku kampani yovomerezeka yotumiza amisiri ku Saudi. Anamuyeza magazi ndi chifuwa, anamuyesa luso, zonse anakhoza. Chinatsala n'kudikira viza basi.

Tirigu anafesedwa, anakololedwa, viza osatuluka. Tanvir anayamba kujomba kwa malume, n'kumaswera pogulitsira tiyi pamphambano. Kumeneko n'kumene anamupeza Shafqat, mnzake wakale wa kusukulu, amene anali atangobwera kuchokera ku Saudi atavala wotchi yonyezimira, akununkhira ngati sitolo ya mafuta onunkhira.

"Amisiri athu, mudakali pompano?" anatero Shafqat. "Viza yanu ikubwera pa bulu kapena?"

"Akuti tidikire pang'ono."

"Iwe, odikira ndi amene alibe nzeru. Wopita ku Umra, ulendo wamapemphero wa ku Makka, samufunsa ngati amadziwa kuwotcherera. Umalowa ngati wokapemphera, tsiku lobwerera likafika umangosowa. Ntchito ndikupezera ine, ndili ndi anthu anga ku Jeddah."

"Mnyamata wosakwatira ngati ine, akandikayikira."

"N'chifukwa chake umatenga amayi ako. Ndani angakayikire mwana woperekeza mayi ake ku nyumba ya Mulungu? Iwo abwerera ndi gulu, iwe watsala. Onse mwapindula."

Tanvir anaseka ngati wakana, koma mawuwo anapita nawo kunyumba.

Madzulo ake anapeza amayi ake akukama njati. Anawauza kuti akufuna kukwaniritsa lonjezo la bambo ake. Mayi Sughran anasiya kukama, misozi ili mbwee. Kenaka anamuyang'anitsitsa, chifukwa mayi amadziwa kayendedwe ka mwana wake ngakhale mumdima.

"Mwana wanga, ukunditengera Mulungu kapena ukunditengera china?"

"Mulungu yekha, Ammi."

"Chabwino. Koma undimvetse. Bambo ako dziko lija ankalowera pakhomo, n'kutulukira pakhomo, n'chifukwa chake ankabwera kwawo mutu uli m'mwamba. Wolowera pazenera ndi wakuba, ngakhale akhale ndi njala."

A Latif nawonso sanabise mawu. "Mphwanga, viza yako ili m'njira. Sunga khosi, mkanda uoneka. Ndamva kuti ukumwa tiyi ndi Shafqat. Unamufunsa chifukwa chake iye sakubwereranso kumeneko?"

Tanvir sanamufunse. Njati inagulitsidwa kuti apeze ndalama za ulendo, ndipo tsiku limene ankaitulutsa pachipata inalira mpaka kumphambano.

Mudzi wonse unawaperekeza. Anawaveka nkhata za maluwa m'khosi, amayi okalamba ankawanong'oneza mayina a odwala oti akawapempherere. Mayi Sughran anavala nsapato zija koyamba, ankaponda pansi mosamala ngati nthaka ingazipweteke. Ku Makka anapemphera ngati munthu waludzu amene wapeza chitsime. Pozungulira Kaaba, nyumba ya Mulungu ija, anagwira mkono wa Tanvir, n'kumutchula dzina pamaso pa Mulungu mobwerezabwereza. Mnyamatayo ankamva, koma ankayang'ana kumbali.

Tsiku lomaliza, itatha swala, pemphero la masana, anawakhazika pafupi ndi chipilala china m'kati mwa mzikiti.

"Khalani pompano, Ammi. Musasunthe, anthu achuluka. Ndikatenge nsapato zanu."

"Pita, mwana wanga. Ndikudikira."

Nsapatozo anazipezadi pomwe anazisiya, pakhomo. Anaima nazo m'manja. Foni m'thumba inali kulira, munthu wa Shafqat anali atafika ndi galimoto. Tanvir anadziwa kuti akabwerera n'kuona nkhope ya amayi ake, sapitanso. Anadziwanso kuti kunja kwatentha, munthu wokalamba wopanda nsapato sangamulondole patali. Anaziponya m'chikwama chake n'kutuluka, osacheuka.

Mtsogoleri wa gulu lawo anawapeza mayi Sughran dzuwa litalowa, ali pachipilala chomwecho. Anakana kunyamuka. "Wapita kukatenga nsapato," ankangotero. Anachita kuwagwira amayi anzawo, kuwaveka patapata wobwereka, mpaka kukawakweza ndege. Kumudzi anthu anawachingamira ndi nkhata ziwiri za maluwa. Imodzi inasowa khosi loivala, ndipo aliyense anamvetsa popanda womuuza.

Anthu a Shafqat anamutula Tanvir kuseri kwa malo ena odyera ku Jeddah, kotsuka mapoto. Malipiro ankabwera mwini malo akafuna, ndipo wopanda mapepala alibe kokadandaula. Pasanathe mwezi anaimbira foni mlongo wake.

"Rukhsana, Ammi ali bwanji?"

"Ukufunsa ine? Unawasiya kuti iwe?" anatero Rukhsana. "Malume anabwera dzulo. Viza yako yatuluka, Tanvir. Ntchito yowotcherera, nyumba, tchuthi chaka chilichonse. Anzako amene munalembetsa nawo akunyamuka Lachisanu."

Tanvir anakhala pansi pakati pa mapoto.

"Ndiwapatse foni Ammi?"

"Ayi. Ndidzalankhula nawo ndikapeza kanthu kowatumizira."

Kanthuko sikanapezeke. Zaka zinadutsa iye akuthawathawa, lero kunyamula matumba a simenti, mawa kuweta mbuzi za munthu m'chipululu, akaona galimoto ya apolisi n'kubisala. Katundu wake anataya kambirimbiri pothawa, koma nsapato zija sanazitaye. Mphepo yozizira ikayamba kuomba ankakumbuka malalanje akupsa pabwalo, mpiru uli pamoto, amayi ake akumukalipira mwachikondi kuti wadzuka mochedwa. Anali wosungulumwa kwambiri, ndipo ankadziwa kuti anadzichititsa yekha.

Mapeto ake apolisi anamugwira pamsewu masanasana. Anakhala m'ndende miyezi, anamudinda zala, n'kumukweza ndege atamuuza kuti asadzapondenso dzikolo. Khomo lomwe bambo ake ankalowera linatsekeka, ngakhale la ku Makka lomwe.

Anafika kumudzi nthawi yachisanu, malalanje atapsa. Pogulitsira tiyi panali Shafqat, wotchi kulibe, akunong'oneza mnyamata wina. Tanvir anadutsa osapereka moni. Pachipata anamutsegulira Rukhsana, mwana ali m'manja. Sanamukumbatire.

"Lowa. Koma usayembekeze zambiri. Nzeru zinayamba kuwathawa chaka chomwe chija. Ine amanditcha dzina la malemu mayi awo."

Mayi Sughran anakhala pabedi la zingwe pansi pa mtengo, atafunda bulangeti, ochepa thupi ngati mwana. Mapazi awo anali pa njerwa zozizira, osavala kanthu, ong'ambikang'ambika.

"Bwanji osawaveka?" Tanvir anafunsa.

"Yesa iweyo. Ife tinalephera."

Tanvir anagwada patsogolo pa amayi ake, natulutsa nsapato zija m'chikwama. Chikopa chinali chitauma.

"Ammi, ndine Tanvir. Ndabwera nazo. Ndikhululukireni."

Mayiyo anayang'ana ndevu zake zoyamba imvi ndi masaya ake olowa, n'kumwetulira monga ankamwetulira alendo.

"Mwachokera kutali, bambo. Akupatsani tiyi?"

Tanvir anagwira phazi lawo kuti aliveke. Iwo analibweza pang'onopang'ono, mwaulemu.

"Ayi, musavutike. Mwana wanga wapita kukatenga zanga, anati ndisasunthe. Ndi mwana wabwino, kungoti anthu achuluka pakhomopo. Akandipeza nditavala kale, adzamva chisoni kuti wavutika pachabe."

Tanvir anaika chipumi chake pa mapazi ozizira aja nalira ngati kamwana. Mayi Sughran anamusisita mutu, chifukwa sankatha kuona munthu akulira osamutonthoza, koma maso awo anali kuchipata.

Tanvir anabwerera kwa malume ake kukawotcherera zitsulo, ndipo madzulo aliwonse ankatenthetsa madzi n'kuwasambitsa amayi ake mapazi. Mayiyo ankamuthokoza ngati mlendo wachifundo. Anamwalira tirigu atacha, asanamuzindikire ngakhale tsiku limodzi.

Inu anyamata amene mtima uli m'mwamba kufuna kupita kunja, imvani. Kudikira khomo loongoka kumawawa, koma kumatha. Bodza limene mwanamiza kholo lanu, makamaka m'dzina la Mulungu, silitha msanga choncho. Mulungu amakhululukira wolapa, zimenezo n'zoona, koma sabweza zaka. Tanvir anabwera nazo nsapato, koma amene ankamudikira anapita m'manda akumudikirabe.