Mnzake wa Limbikani pa Msewu wa Nyika

Loweruka pa 13 Julayi 2019, nthawi ili 6:40 m'mawa, Limbikani Chadzunda analowa pageti la Thazima atakwera njinga yake, kulunjika kumtunda kwa Nyika. Mpaka lero sanatuluke. Ndilemba zimene anandiuza iye mwini ndi zimene anaona a Manasseh Kumwenda, mlonda wa nkhalango amene anali pageti, komanso zimene ndinaona ndekha. Sindiwonjezerapo kanthu.

Ine ndi Limbikani tinkaphunzitsa sukulu imodzi ya sekondale kuno ku Rumphi, ndipo nyumba zathu zinali zoyandikana. Kwawo kunali ku Ntcheu. Asanamutumize kuno ankakhala ku Lilongwe, kumene anali m'gulu la anthu opalasa njinga maulendo ataliatali. Kuno anakhala zaka zitatu osapeza mnzake wopalasa naye. Loweruka lililonse ankanyamuka yekha, ndi mabotolo awiri a madzi, nthochi ndi mtedza m'thumba, n'kubwerera yekha.

Anandifotokozera mwambo wawo. Anthu awiri akamapalasa moyang'anizana ndi mphepo, mmodzi amatsogola kuti mphepo izimenya iye, winayo amabisala kumbuyo kwake, tayala pafupi ndi tayala. Wotsogola akatopa amagwedeza chigongono, wakumbuyo n'kupita kutsogolo. Salankhulana. Wotsogola sacheuka, chifukwa akacheuka onse awiri amagwa.

Loweruka la pa 6 Julayi, sabata imodzi asanasowe, anakwera makilomita 40 kuchokera pageti, n'kutembenuka cha m'ma 1 koloko masana. Apo nkhungu inatsika. Kunayamba mvula yowaza ndi mphepo yomuwomba kumaso. Malaya ake anali opyapyala. Zala zinachita dzanzi mpaka sankamvanso mabuleki. Anati anayamba kumva tulo, ndipo ankadziwa kuti munthu wogona pachisanu chotero sadzuka.

Kenako mphepo inaleka kumumenya.

Kutsogolo kwake, pafupi kwambiri, kunali tayala. Pamwamba pake panali msana wa munthu wovala jekete yotuwa, yonyowa. Ankamveka fungo la girisi wakale ndi utsi wa nkhuni. Tcheni chake chinkalira kamodzi pa kupalasa kulikonse. Kwe. Kwe. Kwe.

Limbikani sanafunse kuti ndani. Anachita zimene thupi lake linazolowera. Anabisala kumbuyo kwake.

Anayenda choncho mwina theka la ola. Munthu uja anagwedeza chigongono. Limbikani anapita kutsogolo, maso ali pamsewu. Nkhope sanaione. Kumbuyo kwake kunkamveka tcheni chokha. Kupuma kwa munthu kunalibe.

Anasinthana kasanu. Ulendo womaliza ankatsogola ndi Limbikani.

A Kumwenda akuti nthawi inali 4:15. Anamva njinga ziwiri zikutsika m'nkhungu, imodzi yachete, ina yolira tcheni. Anatsegula geti, Limbikani n'kudutsa. Iwo anangogwirabe geti.

"Asambizgi, anzanu ali kuti?" anafunsa a Kumwenda, akumutchula mphunzitsi m'Chitumbuka.

"Ali pambuyo panga."

"Palibe munthu apa, dada."

Anamvetsera onse awiri. Madzi ankadontha padenga la malata. Panalibenso china chimene chinamveka.

"Lero yalowa njinga imodzi yokha," anatero a Kumwenda chapansipansi. "Yanuyi."

Anamukhazika pamoto, namupatsa tiyi. Akuti ankanjenjemera mpaka kapu kugunda mano, koma ankamwetulira.

Lachitatu anandiuza zonsezi titakhala pakhonde pake, akupukuta tcheni ndi kansanza. Ndinamuuza kuti chisanu chimasokoneza mutu.

"Ndiye a Kumwenda nawonso anazizidwa?" anafunsa.

"Achimwene, musabwererenso kumeneko. Ngati ndi njinga, palasani msewu wa ku Bolero, kuli anthu."

"Anthu alikodi. Amandikuwiza kuti ndapenga." Anaseka pang'ono. "Aphunzitsi, uja amadziwa kupalasa. Sanandisiye pachitunda ngakhale kamodzi. Zaka zitatu ndakhala ndikumenyedwa ndi mphepo ndekha."

"Simukudziwa kuti ndi ndani."

"Sanandifunse kuti ndine ndani."

Ndinanyamuka n'kupita kunyumba kwanga. Ndimaganizabe kuti ndikanayenera kuyankha.

Pa 13 kunacha ndi nkhungu. A Kumwenda anamuchenjeza kuti kumtunda sikuli bwino. Iye anawaonetsa jekete yatsopano ya mvula, nati, "Yewo chomene, ndibwera isanakwane 4." A Kumwenda anaona kuti wanyamula nthochi zambiri kuposa masiku onse.

Itakwana 5 koloko iye asanatulukire, a Kumwenda anadziwitsa alonda anzawo. Kusaka kunayamba Lamlungu m'mawa, ndipo Lolemba ndinapita nawo. Mvula inali italeka, matope asanaume. Pa kilomita ya 23 kuchokera pageti panali mzere umodzi wa tayala, wa Limbikani, wooneka bwino. Patsogolo pang'ono mizere inakhala iwiri. Wachiwiriwo unali wa tayala lokutha, losalala. Unangoyambira pakati pa msewu. Panalibe phazi la munthu pambali pake.

Tinaitsatira makilomita 11. Pena tayala la Limbikani linkaponda pamwamba pa linalo, pena linalo pamwamba pa lake, poti wakumbuyo ndiye amaponda mzere wa wotsogola. Ndinawerenga. Anasinthana kasanu ndi kawiri.

Pamalo pena opanda mphambano, mizere yonse iwiri inakhota pamodzi, mosatsetsereka, n'kulowa m'udzu chakumadzulo. Udzuwo sunagone. Alonda anasaka derali masiku asanu ndi anayi. Sanapeze njinga, botolo, kapena khoko la nthochi.

Pokhota paja, amene ankatsogola anali Limbikani.