Mizere ya Dzanja Lamanzere

Binali anathyola dzanja lamanja la Tawakali Lachisanu masana, mu 1986, pa masitepe a nyumba ina ku Jeppestown, mumzinda wa Joni. Anamenya ndi chitsulo, n'kutola chikwama cha zithunzi.

"Ukajambulenso tione," anatero akuthawa.

M'chikwamamo munali nkhope ya Subira, malemu mkazi wa Tawakali. Chithunzi china cha mayiyo panalibe.

Tawakali ankajambulira m'chipinda mwake, ndi cholembera chokha. Mthunzi wa pansi pa diso kapena pakhosi ankaupanga ndi timizere tondondozana, tothinana pamene pakuda, totalikirana pamene pakuwala. Binali anamva kuti azungu amagula zoterezi, mtima unamuyabwa. Koma mnzakeyo ankangomuonera pa mbale ya mpunga akatuluka mumzikiti, akudya ndi lamanja monga aliyense woleredwa ku Mangochi. Sankadziwa kuti Tawakali ndi wamanzere, ndipo kudyera lamanja anaphunzira ndi mbama za amalume ake.

Tawakali anakwiya mpaka chakudya chinamukanika. Anayenda Joni yense, dzanja lili m'chikhakha. Chithunzi cha Subira anachipeza pawindo la sitolo ku Fordsburg, pansi pake patalembedwa dzina la Binali.

Tawakali atakadandaula, Sajeni Mokoena anawaitanitsa onse awiri kupolisi, chithunzi chili patebulo.

"Ndinajambula ndine, bwana," anatero Binali. "Uyu ndi tsotsi wansanje basi. Dzanjalo anagwa yekha."

"Thula wena, khala chete," anatero Sajeni. "Nonse jambulani kapu iyi ndi mthunzi wake."

Binali anayang'ana chikhakha chija n'kumwetulira. Anakanda pepala mothamanga, mizere yake ikupendekera kumanja. Tawakali anatola cholembera ndi lamanzere. Mizere yake inatsika mwaulemu, yonse yopendekera kumanzere, chimodzimodzi ndi ya pa tsaya la Subira.

Sajeniyo anayala mapepala atatuwo pamodzi, kenako anatulutsa unyolo.

"Achimwene, tonse ndife akwathu!" Binali analira. "Eish, tikambirane pachibale. Zisamveke kumudzi, amayi anga angafe."

Tawakali anakokera chithunzi cha mkazi wake pafupi, n'kutenga pepala lina loyera.

"Asajeni, mum'gwire choncho pang'ono, manja aoneke bwino." Cholembera chinayamba kuyenda. "Tukula mutu, Binali. Ichi ndikujambulira ulere. Mnzathu Suwedi akukwera basi ya ku Mangochi mawa, akawapatsa amayi ako pamanja."