Nkhwani wa M'munda wa a Msaiwale

Pa 3 Malichi, a Brown Msaiwale analembera boma kuti munda wawo wonse wa maungu augalauza ndi thirakitala. Linali bodza lamkunkhuniza.

Chaka chimenecho kachilombo kanagwa m'minda ya kumpoto kwa Perth, ku Australia, misika yakutali n'kukana maungu a kuno. Boma linalonjeza chipukuta misozi kwa mlimi aliyense wokwirira mbewu zake. A Msaiwale, injiniya wa kumigodi amene ankalima pamasiku opuma, analandira madola 90,000. Maunguwo anawagulitsa mwamseri pamsika wa ku Welshpool, malole atatu.

Pafomupo panali dzina la mboni: Edda Luwayo, mtsikana wa ku Malawi wophunzira payunivesite, amene ankagwira ganyu pamundapo.

Boma litazindikira za chinyengocho, Lachinayi lina m'mawa Sajeni Daliso Kabwe, wapolisi wobadwira ku Lusaka, anamupeza Edda akudikira basi.

"Siginecha iyi ni yanu, sisi?"

"Dzinalo ndi langa. Koma sindinasayine ine."

"Ba Msaiwale bakamba ati benze ku mine kuchoka February mpaka May. Ati munda na mapepa vonse banasiyila imwe."

Mlandu ukamugwera Edda, viza yake inali kutha, sukulu n'kuthera pomwepo, itangotsala miyezi isanu. Analira pamaso pa anthu.

Lamlungu, atatuluka m'tchalitchi ku Mirrabooka, anafotokozera Mayi Sellina, mkulu wa amayi. Mayiwo anatulutsa foni n'kumuonetsa zithunzi.

Azungu a kuno sadya masamba a maungu, amangowaponda. Koma Mmalawi akaona nkhwani, mtima sukhala m'malo. Pa 29 Malichi a Msaiwale anaitana amayi khumi a mumpingomo, kuphatikizapo Mayi Sellina, kuti akathyole mwaulere, poti iwo ankakonda kuthokozedwa kutsogolo kwa mpingo. Amayiwo anajambula zithunzi. Munda unali wobiriwira, maungu ali mbwee. Pakati pake panaima mwini munda, mano onse pamtunda, atanyamula thumba la nkhwani. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Amayi ena anakana zoti zithunzizo zipite kwa Sajeni Kabwe. "Za kwathu tisapite nazo kupolisi. Bambo aja amatithandiza pamaliro."

"Nanga mwanayu maliro ake adzalira ndani?" anafunsa Mayi Sellina.

Lolemba, 10 koloko, Mayi Sellina anali mu ofesi ya Sajeni Kabwe ndi zithunzizo. Wapolisiyo anayang'ana tsiku la pachithunzi, n'kuimbira foni ku mgodi. A kumgodiwo anamuuza kuti sabata imeneyo a Msaiwale anali pa tchuthi.

Apolisi anawagwira a Msaiwale Lachitatu masana pabwalo la ndege, akuchokera ku mgodi, ali m'zovala zawo zachikasu za kuntchito. Sanalimbelimbe. Khoti linawapatsa zaka ziwiri ndi kubweza ndalama zonse. Edda anapezeka wosalakwa, koma sanasangalale. Munthu amene anafuna kumumiza ndi yemwe anamulandira pabwalo la ndege lomwelo tsiku limene anafika, n'kumuuza kuti azimutcha malume.

Powatulutsa m'khoti, a Msaiwale anaima pafupi ndi Mayi Sellina. Maso awo anali ofiira.

"Mayi, inu? Si inu munadya ndiwo zanga?"

Mayi Sellina anagwira Edda padzanja.

"Nkhwani wanu tinadyadi, bambo, ndipo tinathokoza. Koma mwana wa eni ake sitikanakuthandizani kudya."