Rozimale wa Amayi

Idesi anagwada m'dimba, chidebe chili pambali, n'kumangoyang'ana kamtengo ka amayi ake. Masamba ake osongoka aja anali atada bii, ndipo ankayoyoka ukangowakhudza.

Kamtengoko kanali rozimale, kachitsamba kachizungu ka masamba onunkhira. Amayi ake anabwera nako kuchokera ku Limbe komwe ankagwira ntchito ya m'nyumba, n'kukabzala pamiyala kuseri kwa nyumba yawo ku Likoswe. Tsopano anali atatha masabata atatu ali m'chipatala ku Boma. Mankhwala ankawachititsa nseru, ndipo chinkawathandizako n'kununkhiza masamba a kamtengoko basi. Loweruka lililonse Idesi ankawapititsira tinthambi.

Dzuwa la Okutobala litafika poswa mtengo, Idesi anakamvera chisoni. Pamiyala, popanda mthunzi, popanda madzi, kalakwanji? Poti anali mwana wokulira pa ulimi wa m'dimba, anachita zomwe ankadziwa. Anakazula n'kukakawokera pa dothi lakuda la m'mbali mwa khwawa, anathira manyowa a mbuzi, n'kumanga kachisakasa ka udzu ngati pa nazale ya matimati. Kuthirira ndiye m'mawa ndi madzulo, osaphonya. Kakamafota, iye n'kumawonjezera madzi.

Amalume ake, a Nikodemo, anamupeza ali chigwadire.

"Ukulira chiyani iwe?"

Idesi anangoloza. Amalumewo anakoka kamtengoko ndipo kanazuka mosavuta. Mizu inali itawola, yoterera, yonunkha.

"Mayo ine! Wakamiza, mwana iwe. Unkakayesa mpiru kodi? Aka chakudya chake ndi dzuwa."

"Ndiye nditani, amalume?"

"Palibe. Muzu ukawola, wawola."

Amalumewo anafufuza pamwamba pa kamtengoko, n'kuthyola kansonga kamodzi kokha komwe kanali kadakali kobiriwira.

Loweruka Idesi anawapeza amayi ake atawonda kwambiri, phala lili pambali osalikhudza. Anawapatsa kansonga kaja.

"Lero kamodzi kokha?" anafunsa amayiwo motsitsa mawu.

Idesi anayesa kunama koma pakamwa panakana. Anaulula zonse, misozi ili chuchuchu. Amayiwo sanakalipe. Anaika kanthambiko pamphuno, anatsinzina, n'kukoka mpweya nthawi yaitali. Kenako anakabwezera m'dzanja lake.

"N'kanu, amayi, tengani!"

"Ndikakasunga kuno, mawa kauma, ndiye tathera pomwepo. Ukakazike pamiyala, uthire kapu imodzi ya madzi. Ukatero uzikasiya."

"Nanga nseru?"

"Ndipirira."

Mawu amenewo anamupweteka Idesi kuposa mkwapulo. Anakwera minibasi yobwerera kwawo, kanthambi kali m'mpango.

Anakazika tsiku lomwelo. Lolemba masana, pochokera kumjigo, anaima pamiyala paja chidebe chili pamutu. Dzuwa linali phwee, dothi lili gwaa, kanthambi kali kokhakokha kosadziwika ngati kagwira kapena kakufa. Manja ankamuyabwa, mtima ukumuuza kuti angothirako pang'ono pokha.

Anaima pomwepo mpaka khosi linawawa. Kenako anapukuta misozi n'kupitirira, madzi onse akadali m'chidebe.