Chigubu cha Obed

M'Chawama monse munalibe nyumba yopemphera ngati ya bambo Chisenga. Ngakhale makoswe a m'nyumbamo ankadikira ameni asanayambe kuba. Ana anali awiri: Marjory, amene anali pafupi kukwatiwa ndi Mwape, ndi Obed, mlesi woti ntchentche ikamutera pamphuno ankadikira ichoke yokha.

Mayi awo anadzimana chaka chathunthu kusonkhanitsa mpunga ndi shuga za chilanga mulilo, tsiku limene akuchikazi amaphika n'kukapereka chakudya kwa mkwati kuti aone kuti kuno sadzafa ndi njala. Matumbawo anawasunga m'chipinda cha Obed. Fisi kum'sungitsa mbuzi!

Ndiye panali Chiti, mnzake wa pa siteshoni ya minibasi, wamaso ofiira ngati tomato wa pamsika wa Soweto.

"Iwe boyi, ugona pa golide," anatero. "Mpunga, shuga, makoko ya chinanazi, yisiti na manzi. Sabata imodzi chabe, bonse bazakuitana bwana. Koma osamangisa chivundikiro, mowa ufunika kupuma."

Obed anayamba kutapa. Pansi pa thumba ankathira mchenga, pamwamba kampunga kophimba maso. Chigubu choyamba cha mowa anachimaliza awiri okha, iye ndi Chiti, osagulitsa ndi kapu yomwe. Obed anabwera kunyumba akupereka moni kwa mitengo yamagetsi.

Bambo ake anamukhazika pansi, namuuza kuti Chiti ndi dzenje, amusiye. Obed anati inde. Ankati inde pa chilichonse, mwana ameneyu, mpaka munthu kulakalaka kudzimenya wekha mbama. Mayi ake nawonso anafunsa chimene chinkanunkha ngati bala la mowa m'chipindamo. Iye anati ndi nsapato.

Poopa mphuno ya mayi, chigubu chachiwiri anachitseka zolimba, nakulunga pulasitiki, namanga ndi mphira, n'kuchikweza pamtanda kunsi kwa malata. Mwezi wa Okutobala! Chigubu chinatupa ngati chule wolemera.

Tsiku linafika. Ng'oma zinalira, azimayi a kumpingo anadzaza pabwalo. Marjory anamukhazika m'chipinda cha Obed, atafunda chitenge chatsopano, ndipo azakhali a Mwape analowa kudzamuona. Panja, mayi Felistus, mlangizi wa Marjory, anamasula thumba: mpunga kapu imodzi, kenako mchenga wokwanira kumangira chimbudzi.

Anthu akadali kukamwa yasaa, Obed anamva chigubu chikulira tsiii. Anathamangira m'chipinda, nakwera pabedi kuti achichotse. Atangochigwira, phuu! Agalu anathawira mpaka ku komboni ya Misisi. Chivundikiro chinam'menya m'diso, mowa unasambitsa mkwatibwi, khoko la chinanazi linakhala pa duku la azakhali ngati chipewa.

Azakhaliwo anadzipukuta pang'onopang'ono, nanunkhiza chala.

"Kansi ndiye vamene muzadyesa mwana wathu?" anafunsa, natuluka.

Mayi Chisenga anawatsatira chogwada mpaka pamsewu. Sanacheuke. Ukwati unathera pomwepo.

Diso la Obed madokotala analephera kulipulumutsa. Chiti sanapite n'komwe kukamuona. Lero Obed sasowa kutchalitchi, amakhala kutsogolo, koma Marjory akamupatsa chakudya amangoika mbale pansi n'kutembenuka.

Achinyamata inu, mowa umayamba ndi kuba ndipo umatha ndi misozi, kawirikawiri ya anthu amene sanalaweko. Tchimo ungalitseke, ungalimange ndi mphira, koma limafufuma ndithu, ndipo limaphulika tsiku limene kwanu kuli alendo.